Mwala umene ndinaba pa manda a amayi

Ana inu, agogo anu aakazi akudandaula kuti kunsi kwa bedi kulibenso poika nsapato. Sakunama. Kuli madengu awiri ndi chitini cha mafuta, zonsezo miyala yokhayokha. Tsiku lija tinkapita kunyanja ya Chiuta, m'bale wanu Felizarda anandifunsa chifukwa chimene ulendo wa ola limodzi ndimauyendera maola atatu, nditawerama ngati nkhuku yotola mapira. Ndinamuyankha zachibwana. Lero ndagula kaderno, buku lolembamo, kuti ndiyankhe bwino, pakuti ndikayamba nkhaniyi pakamwa mumathawa ndisanafike pakati.

Matenda otola miyalawa ndinatengera amayi anga, a Nangondo, amene anali woumba mbiya. Kumpoto kwa mudzi wathu wakale kuli kaphiri kamene tonse timangoti ku Maenje. Azungu a Chipwitikizi anakumbako ine ndisanabadwe, kufuna golide, ndipo anasiya migula italiitali yodula phiri mopingasa, ina yolekeza m'chiuno, ina yomiza munthu wathunthu. Amayi ankapita kumeneko kukatapa dothi lofiira lopaka mbiya, ine pambuyo ndi dengu. Iwo mwala sankauyang'ana chabe. Ankaunyamula kuti amve kulemera, kuukanda ndi chikhadabo, mwina kuunyambita. Ine ndinkatsanzira zonse, ndipo ndinanyambita miyala yambiri imene sindikukulangizani.

Amene ananditsekula maso kwenikweni anali Che Bwanali, msodzi wa kunyanja ya Chiuta, amene ankabwera ndi matemba ouma kudzasintha ndi mbiya za amayi. Paunyamata wawo anagwirako pikareta, piki yokumbira miyala, kwa azungu aja. Akatsiriza kutsatsa nsomba, ndinkawakoka malaya mpaka tikwere phiri.

"Iwe Zakeyu, anzako akufunsira atsikana, iwe ukufunsira miyala?" ankatero, koma n'kupita ndithu.

Anandionetsa kuti phiri lonselo ndi mwala umodzi wa mizeremizere, yakuda ndi yotuwa, yopindika ngati chitenje chofinyidwa. M'kati mwake mukudutsa msempha wa mwala woyera, wolimba, wotulutsa moto ukaumenya ndi chitsulo. Msemphawo suyenda mwachisawawa. Umachokera pamwamba pa phiri kulunjika kunyanja, ndipo azungu ankadula migula yawo mopingasa kuti aupeze, monga mmene umadulira mizere ya mbatata pofuna kuona ngati zabereka. Pamwamba penipeni pali mwala wofiira ngati dzimbiri, wopepuka, wamabowomabowo ngati chisa cha njuchi. Che Bwanali ankati mzungu akaona umenewo ankavula chipewa n'kuyamba kuimba mluzu, chifukwa dzimbiri pamwamba ndiye kuti pansi pali zitsulo.

Tsiku lina ndinatola kamwala kachikasu konyezimira, kokhala ndi ngodya zake bwinobwino ngati kabokosi. Ndinathamanga nako mtima uli m'mwamba, ndikuganiza kale mtundu wa njinga imene ndikagule. Che Bwanali anakaika pathanthwe n'kukamenya kamodzi ndi nyundo. Kananyenyeka, n'kununkha ngati machesi.

"Golide wako ndi ameneyo, kagule njinga," anatero. "Weniweni ukamumenya saphwanyika, amaphwatalala ngati phula. Ndipo sadzionetsera chonchi ayi."

Kuti ndione weniweniyo, tinasinja mwala woyera uja mumtondo wachitsulo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa paliwombo, n'kukatsuka ufa wake m'mbale kumtsinje, kuzunguliza ngati mayi wopeta mpunga. Mchenga wonse utapita, pansi pa mbale panatsala kamzere kachikasu kochepa kuposa nsidze ya khanda. Manja anga anali matuza okhaokha. Ndinamvetsa tsiku lomwelo chimene azungu anapakirira katundu wawo. Anyamata a masiku ano amene mumawatcha magarimpero, akukumba kuseri kwa phirilo ndi makina olira m'makutu, akusaka kamzere komweko. Ndimawapatsa moni, ndipo sindiwauza kanthu, chifukwa nanenso palibe akanandiletsa.

Koma phirilo golide si mwini wake. Ukatsika pang'ono, miyala ya m'migula imakhala ndi mawanga obiriwira ngati ndulu ya mbuzi, penapake abuluu. Umenewo ndi mkuwa. Pamenepo mitengo imakula monyinyirika, udzu waufupi, ngati nthaka yakwiya. Ukatsikanso pali mwala wina wotuwa, wonyezimira ngati lumo latsopano, wolemera modabwitsa. Kachidutswa kofanana ndi dzira la nkhunda kamakoka dzanja pansi. Umenewo ndi mtovu, chumbu chomwe chija asodzi amamangirira kunsi kwa ukonde. Che Bwanali ankati umapezeka m'kamzere kamodzi kokha kopyapyala, ndiponso pansi, pofika m'chifuwa cha munthu. Pamwamba suoneka.

Funso limene linkandisowetsa mtendere linali lakuti, anaziika ndani zitsulozi m'mizere chonchi, ngati katundu wa m'sitolo? Che Bwanali ankangoti Mulungu. Ine ndinkavomera, koma ndinkafuna kudziwa kuti Mulunguyo anachita bwanji.

Musaganize kuti ndinapita kushikola. Zilembo ndinaziphunzira pamatumba a thonje ndi m'kaderno la achemwali anga a Rozariya, amene ankandimenya akapeza zala zanga zakuda pamapepala awo. Inu lero mukafuna kudziwa kanthu mumafunsa foni, ikuyankhani musanatsirize funso. Ine yunivesite yanga inali mayi wina wogulitsa matemba pamsika wa ku Entre Lagos. Ankakulunga nsomba m'masamba a buku la Chipwitikizi lopanda chikuto, ndipo tsiku lina ndinaona pachikulungacho chithunzi cha phiri lodulidwa pakati, misempha ikuoneka. Kuyambira pamenepo ndinkayenda wapansi ulendo wonse uja kukagula matemba amene kwathu tinali nawo kale. Mayiyo ankaganiza kuti ndikumufuna. Bukulo ndinaliwerenga motsata mmene iye ankang'ambira, lero kumapeto, mawa pakati, mawu ena atamira m'mafuta a nsomba.

Tsamba limodzi linanena kuti kale kwambiri pansi pa dziko panali madzi otentha koopsa, amene ankakwera m'ming'alu ya mwala atasenza zitsulo zosungunuka. Tsamba lotsatira anadyera ndiwo munthu wina. Ndinakhala mwezi wathunthu ndikudzifunsa kuti madzi angasenze bwanji golide, mpaka ndinaona amayi akuphika mchere wa chidulo. Madzi a phulusa akauma, mchere umatsala utamatirira mumphika. Ndinalumpha n'kufuula kuti, "Ndi zomwezo!" Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kuuza achemwali kuti mwanayu afunika mkazi msanga. Kuchokera tsiku limenelo achemwali ananditcha Dotolo wa miyala, ndipo sanali kunditama.

Kenaka inabwera nkhondo. Za nkhondoyo ndidzakuuzani zochepa, chifukwa zambiri sizithandiza mwana. Mudzi wathu unali pafupi ndi msewu, ndipo mfuti zitachuluka tinathawira ku Maenje, mabanja angapo, kukabisala m'migula ya azungu ija. Che Bwanali analinso nafe, chifukwa njira ya kunyanja inali itatsekeka. Tinkadya zikhawo zouma, chinangwa chija, ndi masuku. Amayi anali akutsokomola kale, ndipo chinyezi cha m'migula chinawamaliza. Anamwalira m'mawa wina mvula itangosiya.

Manda a mudzi wathu anali m'mbali mwa msewu womwewo, kosafikika. Adzukulu okumba manda kunalibe, aliyense anali kwake kothawira. Mukudziwa kuti mwana sakumba manda a mayi wake, koma tsiku limenelo amuna amphamvu tinalipo awiri, ine ndi Che Bwanali, Msilamu kukumbira Mkhristu. Tinayesa malo atatu, khasu likungolira pamwala. Che Bwanali anati titsike, titsate kamzere kofewa kamene ankakadziwa, pomwe mwala unavunda. Kumeneko khasu linalowa, pansi pa mtengo wa muwanga.

Dzenje litafika m'chifuwa, khasu langa linagunda chinthu, ndipo m'dothi munaphethira kuwala. Ana inu, ndikulemba izi ndi manyazi. Misozi inali ikutsika, amayi ali gone pamphasa chapafupi, koma dzanja langa linatsika lokha. Linali dzira la mtovu, loyera bwino, ngodya zake zosaphwanyika, lokongola kuposa onse amene ndinawaonapo. Ena otero tinawaponya kunja pamodzi ndi dothi. Limeneli ndinaliika m'thumba.

Inu mwina simukuona kukula kwa mlanduwu. Kumanda sikuchoka kanthu. Ngakhale dothi lomatirira kukhasu limatsukidwa, mapazi amasambidwa, munthu asanalowe pakati pa anzake. Wopezeka ndi chinthu cha m'manda dzina lake ndi limodzi, mfiti. Nanga cha m'manda a mayi wake womubala? Ndinkadziwa zonsezi. Ndinati ndikautaya mawa. Mawa lake tinanyamuka kuwolokera ku Malawi, mwala uli m'thumba, ukundimenya pantchafu njira yonse.

Kumsasa wa othawa nkhondo tinakhala zaka zambiri. Ndinakwatira agogo anuwa, anabadwa atate ako, Felizarda, ndipo ndinaphunzira kuwerenga Chichewa m'mabuku a tchalitchi. Mwala ndinaukulunga m'kansanza n'kuubisa kudenga. Kuutaya m'dziko la eni ndinkaona ngati ndikutaya amayi, kuusunga ndinkaona ngati ndine wakuba. Che Bwanali anamwalira komweko. Sindinawauze, ngakhale ndikukhulupirira kuti anandiona.

Mtendere utabwera tinabwerera, koma kuphiri sitinaloledwe kukwera mpaka anthu ochotsa mabomba okwirira atadutsako. Panapita nthawi ndithu. M'zaka zimenezo maso a achemwali a Rozariya anayamba kuchita nkhungu. Munthu ankamuzindikira ndi mawu, ndipo ulusi pasingano ankawalowetsera ana. Chimene ankafuna chinali chimodzi: kukaona manda a amayi maso asanatsekeke, kukalambula, ndi kuwauza kuti tabwerako. Paja tinawaika mothamanga, osatsanzika.

Tinakwera m'mwezi wotentha, moto utapsereza udzu, nthaka ili poyera. Mitambo inali itayamba kusonkhana, ndipo tinkadziwa kuti mvula ikagwa udzu utseka zonse mpaka chaka china, chimene maso a achemwali sakanachidikira. Titafika ndinaima kukamwa kuli yasa. Muwanga uja kunalibe. Mitengo yonse ikuluikulu inapita ndi nkhwangwa za ootcha makala, ndipo pamalo pake panamera zitsamba zofanana zokhazokha. Mtumbira unali utaphwa kalekale.

Masiku atatu tinazungulira phirilo, achemwali atandigwira pamkono.

"Panali muwanga, ndipo nyanja inkaoneka kudzanja lamanzere," ankatero.

"Achemwali, nyanja ikuoneka paliponse tsopano. Mitengo yotchinga ija kulibe."

"Ndiye iwe unakumba ndi manja akowa, sukukumbuka?"

"Ndinkayang'ana pansi."

"Moyo wako wonse umayang'ana pansi! Lero lokha tikufuna kuti zithandize, ndiye wayiwala?"

Tsiku lachitatu masana anakhala pansi pamphepete pa mgula, navula mpango n'kupukuta nkhope. Sanalire. Anangoti, "Basi, tiye kumudzi. Amayi tawataya kawiri."

Mwala unali m'thumba langa. Ndinabwera nawo kuti tikapeza manda ndiubweze mwakachetechete, munthu asaone. Ndinadziwa kuti ndi wokhawo ungatitsogolere, komanso kuti sindingayambe kusakasaka timiyala pansi popanda kunena chifukwa. Achemwali anga sanali munthu womunamiza. Ndinaumasula m'kansanza n'kuwaika m'dzanja. Dzanja linatsika ndi kulemera.

"Ichi n'chiyani?"

"Mtovu."

"Ndamva kuti ndi mtovu. Ndikufunsa kuti n'chiyani."

"Ndinautola m'manda a amayi, tsiku lija."

Anaufumbata mwalawo.

"M'kati?"

"M'kati."

"Zakeyu, zaka zonsezi ndakhala ndikudya mbale imodzi ndi iwe, ana anga akugona m'nyumba mwako, chinthu ichi chili momwemo?"

"Kudenga."

"Kudenga! Akanakupeza nacho anthu kumsasa kuja, ukuganiza ndikanakuikira kumbuyo? Unkafuna kuchita nacho chiyani?"

"Palibe. Chinali chokongola."

Anandiyang'ana ndi maso awo ankhunguwo. Ndikuganiza kuti akanamva kuti ndinkafuna kukhwima nacho akanamvetsa msanga kusiyana ndi yankho limenelo.

"Amayi ananena kuti uli ndi vuto," anatero potsiriza. "Ndiye wandionetseranji lero?"

Ndinafotokoza mothamanga, ngati mwana woyankha mlandu. Mwala uwu umapezeka m'kamzere kamodzi kokha, ndiponso pansi. Pamwamba sufika wokha. Ukaupeza pamwamba, ndiye kuti pamenepo munthu anakumba n'kuutulutsa. Azungu anakumba m'migula yawo, ndipo migulayo ikuoneka. Tikapeza kamzereko m'khoma la mgula wa kumtunda, n'kukapezanso m'khoma la mgula wa kumunsi, ndiye kuti pakati pake kakuyenda mowongoka pansi pa nthaka. Tikatsata pamenepo n'kupeza mtovu pamwamba pomwe palibe mgula, ameneyo ndi amene tinaponya kunja ine ndi Che Bwanali.

"Zimenezi unaziwerenga m'matemba muja?"

"Zina. Zina anandiuza Che Bwanali."

"Za Che Bwanalizo ndiye ndizikhulupirira. Dzuka."

Ndinalowa mumgula wa kumtunda ndi khasu, kupala khoma pang'onopang'ono. Ndinadutsa mwala woyera, ndinadutsa wobiriwira, ndipo patsogolo pake ndinapeza kamzere kofewa, kotuwa, kotambalala ngati chikhato. Ndinazika nsungwi pamwamba pake n'kumangirira kansanza kaja. Ndinachita chimodzimodzi kumgula wa kumunsi. Kenaka ndinayamba kukwawa kuchoka pansungwi ina kulunjika inzake, bambo wa ana anayi, mawondo m'phulusa la lupsa. Mtovu ukakhalitsa padzuwa ndi mvula sunyezimiranso, umavala khungu lotuwa ngati mwala wamba. Maso sakanathandiza. Kamwala kalikonse ndinkakanyamula kuti ndimve kulemera, monga ankachitira amayi.

Pasanapite nthawi dzanja linatsika. Ndinaswa kamwalako, m'kati n'kuwala. Pambali pake panali pokumbika pang'ono.

"Achemwali, ndi pano!"

Anabwera akupapasa ndi ndodo, nagwada, n'kuyamba kusesa phulusa ndi manja. Anatulutsa chinthu, nachigogoda, nachinunkhiza. Chinali chitini chadzimbiri cha nsomba za sardinya.

"Dotolo," anatero, "amayi anadyapo sardinya liti?"

Kanali kadzenje koyesera ka azungu, kamene kanakwiririka. Ndinapepesa kwa achemwali, ndipo posadziwa chochita ndinapepesanso kwa chitinicho. Kumadzulo kunagunda bingu loyamba.

Ndinapitiriza kukwawa. Ndinadutsa chulu, ndinadutsa chitsa chopserera chimene sichinkadziwikanso mtundu wake. Kuseri kwa chitsacho dzanja linatsikanso. Kenaka kachiwiri, kachitatu, timiyala tolemera titamwazika mozungulira malo amodzi, ndipo pakati pake nthaka inali yolowa pang'ono, kutalika kwake ngati munthu wogona. Ulendo uno sindinafuule. Ndinapita kukawagwira dzanja achemwali n'kuwakhazika pamenepo.

Anayamba kupapasa chakumutu, kukanda dothi ndi zala. Ine sindinkadziwa chimene akufuna. Paja tsiku loika maliro, ife titatsika kukasamba, iwo anatsalira n'kuvundikira pamtumbira kamphika ka amayi ka ndiwo, ataboola pansi pake. Zala zawo zinakumana ndi phale. Analitulutsa, nalipukuta pachitenje, nalibweretsa pafupi ndi maso, koma maso anakana. Ndiye anayendetsa chala chachikulu m'mphepete mwake. Amayi mbiya zawo zonse ankazidinda ndi chikhadabo pakhosi, katatu, n'kusiya mpata, katatunso. Ndinaona milomo ya achemwali ikuwerenga.

Anaika phalelo pansi bwinobwino, nakonza chitenje, naomba m'manja mwaulemu ngati akulowa m'nyumba.

"Amayi, ndine Rozariya. Tabwerako. Tinachedwa, njira inali yoipa. Che Bwanali anatsala komweko. Ine ndili ndi ana asanu, wachiwiri ndinamutcha dzina lanu, ndipo ndi waulesi, sanatengere inu. Maso angawa akutha, koma pano ndapaona." Anapuma pang'ono. "Ndabweranso ndi wakuba wanu. Ali pambali pangapa. Mlandu wake mukambirane nokha, ine ndalephera kuuweruza, chifukwa akanapanda kukuberani sitikanakupezani."

Ananditambasulira mwala uja osandiyang'ana.

"Bweza."

Ndinakumba kadzenje ndi zala pafupi ndi phale, ndinauikamo, n'kukwirira. Ndinafuna kunena mawu, ine amene ndawerenga mapepala ambiri chotere, koma pakamwa panangotuluka kuti, "Pepani amayi." Madontho oyamba anayamba kugwa paphulusa, amodziamodzi. Ndinati tithamange tisananyowe.

"Tithamangire kuti? Zaka zonsezi amayi akunyowa okha," anatero achemwali, atayamba kale kuzula zitsotso za udzu ndi manja. "Zowerenga zatha, Dotolo. Tenga khasu."